Abwanamkubwa atatu ndi anthu a m'migodi ku America

Mau awa analankhula mnzathu wina, mlimi wa chimanga ndi kachewere, pa msonkhano wa gulu lathu la omvera wailesi. Tawalemba monga anawanenera kuti amene sanabwere awerenge.

 

Ine si munthu wa sukulu. Ndinalekeza kalasi 5, khasu n'kunditenga. Koma mwezi watha, titamvera pulogalamu ya tsiku la antchito, pano panabuka mkangano umene sunandigonetse tulo. Nkhani inali ya wogula uja wa sikelo yobera. Mnyamata wina anaimirira nati, "Akadzabweranso tingomuwotchera galimoto yakeyo." Bambo ena aakulu anayankha kuti, "Iyayi, dikirani chisankho, tidzaikepo munthu wathu, iyeyo adzatikonzera zonse." Ine ndinangoti chete, chifukwa onse awiri ndinawamvetsa. Thumba langa nalonso linapepuka pa sikelo yomweyo. Ndiye ndinakapempha aphunzitsi ena kuti andithandize kufufuza ngati kuli anthu amene anayesapo njira ziwirizi. Alipo. Anayesa moto, anayesanso munthu wao. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene zinawathera.

Nkhaniyi inachitika ku United States, kumadzulo kwa dzikolo, m'zigawo ziwiri za mapiri, Idaho ndi Colorado. Chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wochita kumuvotera, govenadori tinene, ndipo iyeyo amalamula asilikali a chigawocho. Maina ndi ovuta kutchula, musavutike nawo onse. Mungogwira abwanamkubwa atatu: Waite, Steunenberg ndi Peabody.

Tiyambe mu 1892. Ku dera la Coeur d'Alene, ku Idaho, anthu ankakumba siliva ndi mtovu. Eni migodi anadula malipiro, antchito n'kunyanyala ntchito, gereve imene timaidziwa ija. Eni migodi analemba ganyu akazitape a kampani ya Pinkerton. Kazitape wina, Charlie Siringo, analowa mu sindikato ngati wantchito mnzao mpaka anamusankha kukhala mlembi. Taganizani, amene akugwira buku la msonkhano ndi amene akutumiza zonse kwa abwana! Mu Julayi kunabuka kuomberana, chigayo cha miyala cha mgodi wa Frisco chinaphulitsidwa, anthu anafa. Asilikali anabwera n'kutsekera amuna mazanamazana mu mpanda umene ankautchula kuti khola la ng'ombe. Ali m'ndende, atsogoleri a antchito ankakambirana ndi loya wao, James Hawley, kuti timagulu ta mgodi uno ndi mgodi uwo sitingapirire patokha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chaka chotsatira, 1893, mu mzinda wa Butte ku Montana, anakhazikitsa bungwe limodzi lalikulu, Western Federation of Miners. Dzina la loya uja mulisunge, tikumana nayenso.

Bwanamkubwa woyamba ndi Davis Waite wa ku Colorado. Anali nkhalamba ya ndevu zoyera, wa chipani cha Populist, chimene mphamvu yake inali alimi ndi antchito. Mu 1894, ku migodi ya golide ya Cripple Creek, eni migodi ena ananena kuti ntchito ya maola 8 ikhale ya maola 10, koma malipiro akhale omwewo, madola 3 pa tsiku. Antchito anakana, motsogozedwa ndi John Calderwood. Kumenekonso chipolowe chinalipo, nyumba ya pa mgodi wina inaphulitsidwa. Eni migodi anasonkha ndalama, mkulu wa polisi wa deralo n'kulemba anthu a mfuti pafupifupi 1,200 kuti akaswe gereve. Apa Waite anachita chinthu chosowa. Anapita yekha kukaonana ndi antchito, navomera kuwalankhulira pamaso pa eni migodi. Mu Juni anagwirizana: maola 8, madola 3. Gulu la mfuti lija litafuna kukaukirabe, iye anatumiza asilikali a chigawo kuti akaime pakati. Antchito anapambana.

Bambo aja ananena za munthu wathu, mwina mukuti, "Mwaona, si izi ndinkanena?" Dikirani pang'ono. Mu Novembala chaka chomwecho kunali chisankho, ndipo Waite anagwa. Miyezi isanu yokha. Mpando unatsala, mfuti za asilikali zinatsala, koma wozilamula anasintha.

Bwanamkubwa wachiwiri ndi Frank Steunenberg wa ku Idaho. Ameneyu ndiye anali munthu wao weniweni. Anali wosindikiza nyuzipepala m'tauni ya Caldwell, membala wa sindikato ya osindikiza. Mu 1896 anthu a m'migodi anamuvotera ndi mtima wonse, mu 1898 anapambananso. Tsono ku Coeur d'Alene kuja kunali kampani ina, Bunker Hill and Sullivan, imene inkalipira zochepa kuposa migodi ina ndipo sinkafuna kumva za sindikato. Mu Epulo 1899 inakwezako malipiro, koma inachotsa ntchito anthu 17 powaganizira kuti ndi a sindikato. Pa 29 Epulo antchito analanda sitima ya pamtunda m'tauni ya Burke. Anakweza mabokosi a dainamaiti, zophulitsira miyala zija, makilogalamu oposa 1,000. Sitima inkaima panjira, anthu n'kumakwera, mpaka anakwana pafupifupi 1,000. Atafika ku Wardner anaphulitsa chigayo cha kampaniyo, cha mtengo wa madola 250,000. Anthu awiri anafa pa chipolowe chimenecho.

Madzulo amenewo ambiri anabwerera kwao akusangalala kuti abwana aona polekera. Koma munthu wao uja anatani? Asilikali a Idaho anali ku nkhondo ku Philippines, ndiye Steunenberg anapempha pulezidenti wa dziko, William McKinley, kuti atumize asilikali a boma lalikulu. Analengeza kuti deralo lilamulidwe ndi asilikali. Anagwira amuna pafupifupi 1,000, okwera sitima ndi osakwera omwe, mpaka dokotala, mlaliki ndi mkulu wa positi. Onse m'khola la ng'ombe. Ena anakhalamo miyezi osaonekera ku khoti, ena anaferamo. Pambuyo pake panabwera lamulo lakuti wofuna ntchito ya mumgodi ayambe watenga chiphaso cha boma, ndipo chiphasocho sankapatsa munthu amene sanakane sindikato. Sindikato ya m'deralo inathyoka msana. Chigayo chija kampani inamanganso china. Nkhuyu zodya ana zinapota akuluakulu: amayi amene sanagwire n'komwe dainamaiti ndiwo anagona ndi njala pamodzi ndi ana.

Pali chinthu china chimene chinandiwawa pamenepa. Ambiri mwa asilikali amene anatumizidwa anali anthu akuda, a gulu la 24th Infantry, pamene okumba migodi anali azungu. Osauka awa kulondera osauka awo, n'kumadana chifukwa cha khungu, eni chuma ali phee m'maofesi.

Bwanamkubwa wachitatu ndi James Peabody, ku Colorado komwe kuja. Ameneyu anali mwini banki, sanabise mbali imene anaima. Mu 1902 anthu a ku Colorado anavota kuti pakhale lamulo la maola 8 m'migodi. Ovomereza anaposa 72,000, okana anali pafupifupi 26,000. Koma aphungu atakumana mu 1903 anabalalika osalikhazikitsa lamulolo. Antchito anati, "Tavota, tapambana, koma palibe chimene tapeza." Gereve inayambanso. Nthawi imeneyi bungwe lija linali m'manja mwa Charles Moyer, pulezidenti, ndi William Haywood, mlembi ndi msungichuma, chimunthu chachitali cha diso limodzi chimene chinalowa mumgodi chikadali kamnyamata. Ankamutchula kuti Big Bill. Peabody anatumiza asilikali ku Cripple Creek komwe Waite anawatumiza, koma ulendo uno mfuti zinaloza antchito, ndipo ndalama zolipirira asilikaliwo anakongoza ndi eni migodi. Pa 6 Juni 1904 bomba linaphulika pa siteshoni ya sitima ya Independence n'kupha anthu 13 amene ankagwira ntchito nthawi ya gereve. Bomba limenelo linamaliza zonse. A sindikato oposa 200 anakwezedwa sitima n'kukatayidwa kumalire a chigawo, n'kuuzidwa kuti asadzabwererenso.

Tsopano tibwerere kwa Steunenberg. Anachoka pampando mu 1901 n'kumachita malonda ake mwakachetechete. Koma mlandu suola. Pa 30 Disembala 1905, madzulo kukuzizira, akubwerera kunyumba kwake ku Caldwell, anatsegula geti la mpanda. Pagetipo panali patatcheredwa bomba. Anamwalira usiku womwewo ali ndi zaka 44, kusiya mkazi ndi ana.

Apolisi anagwira mlendo wina wa pa hotela amene ankanamizira kugula nkhosa. M'chipinda mwake anapezamo zotsalira za zopangira bomba. Ankadziwika ndi dzina lakuti Harry Orchard, koma dzina lake lenileni linali Albert Horsley. Boma la Idaho linaitana kazitape wamkulu wa Pinkerton, James McParland. Ameneyu ankapita kundende kukacheza naye, n'kumamuuza za anthu ena amene anaulula anzao n'kupulumuka chingwe. Orchard anaulula. Anati bomba la Caldwell anatchera ndi iye, la ku Independence lija ndi iyenso, ndi imfa zina zambiri. Anati omutuma ndi kumulipira anali Haywood, Moyer ndi mnzao George Pettibone.

Vuto linali lakuti atatuwa anali ku Denver, ku Colorado, ndipo tsiku la imfa sanali ku Idaho. Abwanamkubwa awiri, Frank Gooding wa Idaho ndi Jesse McDonald wa Colorado, amene nayenso anali mwini migodi, anagwirizana mobisa. Makalata analembedwa ngati kuti atatuwa anali ku Idaho n'kuthawako. Anadikira Loweruka usiku, pa 17 Febuluwale 1906, makhoti atatseka. Anawagwira, osalola kuti aonane ndi loya kapena abale, m'mawa mwake n'kuwakweza sitima yapadera mpaka ku Idaho. Nkhani inakafika ku khoti lalikulu la dziko lonse, ndipo khotilo linati mmene anawabweretsera zilibe kanthu, poti afika aweruzidwe. Woweruza mmodzi yekha, Joseph McKenna, ndiye anatsutsa, nati kumeneku ndi kuba anthu. Ngakhale pulezidenti Theodore Roosevelt, mlandu usanayambe n'komwe, analemba m'kalata kuti Moyer ndi Haywood ndi nzika zosafunika. Kalatayo itatuluka poyera mu 1907, antchito zikwizikwi anayenda m'misewu ya New York ndi Boston atavala zizindikiro zonena kuti iwonso ndi nzika zosafunika. Anasonkha ndalama, uyu pang'ono uyu pang'ono, zolipirira maloya.

Mlandu wa Haywood unayamba mu Meyi 1907 mu mzinda wa Boise. Oimira boma akuluakulu anali awiri. Woyamba William Borah, amene anali atangosankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya Senate. Wachiwiri, mukumukumbukira? James Hawley, loya yemwe uja anawalangiza m'ndende kuti apange bungwe limodzi. Tsopano anaima tsidya lina, kupempha kuti mtsogoleri wa bungwe lomwelo anyongedwe. Kumbali ya Haywood kunali loya wa ku Chicago, Clarence Darrow.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira mtima ine mlimi. Ku America mlandu waukulu sagamula woweruza yekha. Amasankha anthu wamba 12 kuti amve umboni wonse, iwowo ndiwo anene ngati munthu walakwa. Pa mlandu uwu ambiri mwa anthu 12 aja anali alimi ndi oweta ziweto. Anthu a zikhatho zokhakhala ngati zathuzi. Sanali a sindikato, sanali okumba migodi, ndipo wophedwayo anali bwanamkubwa wao wakale. Ambiri ankayembekeza kuti Haywood wapita basi.

Orchard anakhala pa mpando wa mboni masiku angapo, kufotokoza imfa imodziimodzi mosanjenjemera. Maloya a Haywood anamupanikiza mpaka anavomera kuti anasiya mkazi kwao n'kukwatira wina mwachinyengo, kuti anali wakuba ndi wa juga, ndiponso kuti nthawi ina ankalandira ndalama kwa akazitape a kampani ya sitima. Panali mboni ina, Steve Adams, imene boma linkadalira kuti ichitire umboni mau a Orchard, koma iyo inabweza mau ake n'kunena kuti anachita kuikakamiza. Darrow polankhula komaliza anatha maola 11. Borah nayenso analankhula mogwira mtima za magazi a Steunenberg. Kenaka woweruza, Fremont Wood, anawakumbutsa anthu 12 aja lamulo la Idaho: munthu sangamangidwe ndi mau a mnzake wopalamula naye okha, pamafunika umboni wina woima paokha.

Alimi aja anatsekeredwa m'chipinda usiku wonse akukambirana. Lamulungu m'mawa, pa 28 Julayi 1907, anatuluka n'kunena kuti Haywood alibe mlandu. Pulezidenti wa dziko anali atanena zake, abwanamkubwa awiri anali atachita zao, nyuzipepala zinali zitamupachika kale munthuyo. Iwo anafunsa funso limodzi lokha: umboni uli kuti? Mpaka lero anthu ophunzira amatsutsana ngati atsogoleri aja anamutumadi Orchard kapena ayi. Koma munthu sanyongedwa chifukwa chomuganizira, ndipo alimi aja anaima pamenepo.

Mathero ao anali otere. Pettibone anapezeka wosalakwa mu Januwale 1908, koma anamwalira ndi khansa chaka chomwecho. Mlandu wa Moyer unathetsedwa. Orchard anaweruzidwa kuti aphedwe, chilango n'kusinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anafera m'ndende mu 1954 ali ndi zaka 88, ataweta nkhuku za kundende zaka zambirimbiri. Hawley anadzakhala bwanamkubwa wa Idaho mu 1911. Borah anakhala ku Senate mpaka imfa yake mu 1940. Haywood ndi Moyer, amene anagona ndende imodzi, anatuluka atadana. Moyer ankafuna kukambirana ndi eni migodi ndi kusainirana mapangano, Haywood ankafuna kulimbana mpaka dongosolo lonse lisinthe. Haywood anapita ku bungwe lina limene anathandiza kuyambitsa mu 1905, Industrial Workers of the World. Mu 1918, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anamugamula zaka 20. Mu 1921 anathawira ku Russia, n'kukafera ku Moscow mu 1928. Phulusa la mtembo wake analigawa pawiri, lina ku Moscow, lina ku Chicago.

Tsono mphwanga iwe unanena za kuwotcha galimoto, sindikukunyoza. Mkwiyo wako ndi wanga. Anthu aja sankanama, ankaponderezedwadi. Koma werenga nane. Bomba la 1892 linabweretsa khola la ng'ombe. La 1899 linabweretsa khola lina ndi chiphaso chokanira sindikato. La 1904 linataya anthu kumalire. La 1905 linasiya mayi wamasiye, n'kutsala pang'ono kunyongetsa atsogoleri atatu. Ngakhale ku Cripple Creek mu 1894, kumene anapambana, chimene chinawapatsa maola 8 ndi pangano la patebulo. Nthawi zonse moto unkapatsa adani ao chifukwa chimene ankachisowa choitanira asilikali. Tikawotcha galimoto, mawa pano sipabwera woyesa sikelo, pabwera apolisi. Nkhani ya sikelo ithera pomwepo, iyambe nkhani ya galimoto, ndipo ogwidwa sakhala iwe wekha.

Inunso bambo, ndi ulemu wonse, munthu wathu ndi wabwino kukhala naye, ndipo kuvota tizivota. Waite anaonetsa kuti wokhala pampando angathe kuima ndi osauka. Koma Waite anagwa patatha miyezi isanu. Steunenberg anali ndi khadi la sindikato, koma tsiku la mayeso anaitana asilikali. Hawley anawathandiza kumanga bungwe, pambuyo pake n'kudzawazenga mlandu. Anthu a ku Colorado anavota 72,000, aphungu n'kukhala ngati sanamve. Munthu ukamuika pampando usapite kukagona. Uzimufunsa, uzimukumbutsa, ndipo gulu lako likhalebe chilili ngakhale iye atagwa kapena atatembenuka.

Chimene chinapulumutsa khosi la Haywood ndi zinthu ziwiri: ndalama zimene antchito anasonkha kuti apeze maloya odziwa, ndi anthu wamba amene anaumirira umboni. Zimenezi ife tingazithe. Ine pempho langa ndi ili. Tisonkhe tigule sikelo yathu ya gulu. Thumba lililonse tiziyamba taliyesa tokha pamaso pa mboni ziwiri, n'kulemba m'buku tsiku, dzina ndi makilo. Tikatero, popita kukadandaula kwa akuluakulu tidzapita ndi buku m'manja, osati ndi mkwiyo wokha. Tigwirizanenso mtengo, pasapezeke wina wokagulitsa usiku kuseri. Ndipo wogwira bukulo tisankhe munthu amene tikumudziwa bwino, buku lizikhala poyera kuti aliyense aziliona. Paja mwamva za mlembi wa mu 1892.

Ine ndayamba ndi kulonjeza mtengo wa ndowa imodzi ya kachewere kuti ipite ku sikeloyo. A msungichuma alembe.

 Pamene ndalakwitsa katchulidwe ka maina a chizungu mundikhululukire.